Zimene Bambo Anaona pa Zicatela

Funde lililonse likamenya gombe, makapu a khofi ankalira okha pa tebulo la pamalo odyera a m'mbali mwa nyanja. Yaretzi ankachita kulimva m'mano. Chifikireni banja lawo la a Barragán ku Puerto Escondido kudzapuma pa tchuthi cha Sabata Loyera, nyanja inali isanagonepo, koma m'mawa wa Lachisanu limenelo inadzuka ngati yalumidwa. Mbendera zofiira zinali petupetu gombe lonse la Zicatela. Ngakhale anyamata osewera pa mafunde, omwe amati mantha anawasiya m'mimba mwa amayi awo, anali atangokhala pamchenga, matabwa awo atawagoneka pambali.

"Idya, mwana iwe," anatero mayi ake, a Remedios, akumukankhira mbale ya mazira othira tsabola. "Waonda, mafupa kuchita kuwerengeka."

"Musiyeni," anatero bambo ake, a Anselmo, osadzutsa nkhope. "Matenda ake ndikuwadziwa ine. Ndi mkaidi uja. Mphepo ya kunyanja imuchiza."

Mkaidiyo anali Ulises Tapia, mnyamata amene Yaretzi ankakondana naye kwawo ku Puebla. Kalelo Ulises anapeza mlamu wake akupondaponda mlongo wake m'khitchini, ndipo anamumenya mlamuyo mpaka kumuthyola nsagwada. Anamangidwa. Anatuluka chilango chisanathe, koma chingwe chikadali m'khosi: asatuluke mu Puebla popanda chilolezo, ndipo akadzangokwezera munthu dzanja, adzabwerera kukamaliza zotsala. Yaretzi anadziwana naye atatuluka kale, ali munthu wolankhula motsitsa, woyenda manja ali m'matumba. Koma a Anselmo sankafuna kumva zonsezo. Kwa iwo, wolowa m'ndende ndi wam'ndende basi.

N'chifukwa chake pa tchuthichi anatenganso Fabián Zepeda, mwana wa bwenzi lawo la ponda apa m'pondepo, osamuuza Yaretzi. Mtsikanayo anangomupeza m'galimoto atakhala kale, akumwetulira ngati mwini ulendo.

Tsopano Fabián anali pambali pakenso, malaya atamasula mabatani, unyolo wagolide uli waliwali pachifuwa.

"Bambo, musamuvutitse mkazi wanga," anatero akuseka.

"Sindine mkazi wako," anayankha Yaretzi.

"Lero ayi."

Pansi pa tebulo, dzanja la Fabián linagwira mkono wake n'kuufinya. Nkhope ikumwetulirabe kwa a Remedios, uku zala zikulowa m'mnofu. Yaretzi anayesa kusolola, iye n'kuonjezera mphamvu. Pamenepo mtsikanayo anatola foloko ndi dzanja linalo n'kumubaya nayo kuseri kwa dzanja. Fabián anadumpha, bondo n'kugunda tebulo, khofi n'kukhutukira pa thalauza la a Anselmo.

"N'chiyani kodi?" anakalipa a Anselmo.

"Nyerere, bambo," anatero Fabián akuyamwa pobayidwapo. Maso ake anali atasiya kuseka. "Kuno kuli nyerere zoluma."

A Anselmo anamenya tebulo ndi chikhatho, masupuni n'kudumpha.

"Iwe Yaretzi, usandiyese wakhungu. Munthu wabwera nafe mwaulemu, wa m'banja lodziwika, iwe ukumutenga ngati galu. Mawa makolo ake afika kuchokera ku Puebla. Adzapempha, ndipo ine ndidzavomera. Wamva?"

"Mukavomera inuyo, mukwatiwenso inuyo."

Mbama inanyamuka, koma a Remedios anagwira mkono wa amuna awo ukadali m'mwamba.

"Anselmo, anthu akutiona! Ndiponso lero ndi Lachisanu Loyera!"

Yaretzi anakankha mpando, anavula nsapato, n'kutsikira kumchenga osacheuka.

*

Anayenda mpaka malo odyera anatha ndi maambulera omwe, kufika kumapeto kumene gombe limatsetsereka kwambiri. Kumeneko mafunde ankadzuka ngati nyumba zosanja, n'kupindika, n'kudzigwetsa pansi ndi chiphokoso chogonthetsa m'khutu. Thovu linkathamangira kumtunda, kenako madzi n'kubwerera akukokolola mchenga, timiyala ndi makoko a kokonati. Nkhungu yamchere inkamunyowetsa tsitsi.

"Yare!"

Anatembenuka. Pafupi ndi bwato lovundikira panali pataima Ulises, chikwama chili kumsana, maso ali psuu ndi tulo ta m'basi.

Miyendo inathamanga mutu usanaganize. Anamukumbatira, n'kubisa nkhope m'khosi mwake, mofungo la thukuta ndi fumbi la ulendo. Kenako nzeru zinabwerera, ndipo anamukankha pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Wapenga? Ukutani kuno? Chilolezo akupatsa?"

"Ndikanachitenga kuti? Maofesi atseka, ndi tchuthi."

"Ndiye wabwereranji?"

"Ukufunsa ine? Si iwe wandiitana?"

Anatulutsa foni n'kumuonetsa. Uthengawo unachokeradi pa nambala ya Yaretzi: Bwera msanga. Akundikwatitsa mokakamiza. Undipeza mawa m'mawa kumapeto kwa Zicatela. Usaimbe, foni akundilanda. Ukapanda kubwera ndidziponya m'nyanja.

Yaretzi anakumbukira. Dzulo masana Fabián anamutengera foni akuti amujambule pamodzi ndi mayi ake, ndipo anakhala nayo nthawi yaitali akuti akusankha zithunzi zabwino.

"Sindinalembe ine."

"Yare, usasewere nane. Njira yonse ndimangokuona uli m'madzi."

"Ndikulumbira, sindinalembe. Ndi Fabián. Akufuna ugwidwe kunja kwa Puebla. Amafuna akupeze kuno uli wekha, ine ndangofika mwangozi. Thawa, Ulises. Pita kudepoti pompano, ukwere basi iliyonse."

Ulises sanasunthe. Nkhope yake inauma.

"Fabián ali kuno? Mwabwera naye limodzi?"

"Bambo ndi amene amutenga. Inenso sindimadziwa."

"Koma masiku onsewa timalemberana. Unandiuza za nsomba, za dzuwa, za miyendo ya amayi yotupa. Za iyeyu sunandiuze."

"Ndimaopa kuti ubwera."

"Mukugona nyumba imodzi?"

"Iye ali ndi chipinda chake. Usandifunse ngati wapolisi!"

"Nanga foni yako imafika bwanji m'manja mwake?"

Yaretzi anakweza mkono kuti amuloze, ndipo Ulises anaona mabala ofiira aja pamwamba pa dzanja. Anaugwira mkonowo pang'onopang'ono n'kuutembenuza.

"Izi n'chiyani?"

"Ndinagunda chitseko."

"Chitseko chokhala ndi zala?"

Yaretzi anaona mitsempha ya m'khosi mwa Ulises ikudzuka. Mnyamatayo anamusiya mkono, anapuma mozama, n'kulowetsa manja ake onse awiri m'matumba, mwakuya ngati akuwatsekera.

"Tiye tonse," anatero motsitsa. "Siya zovala, siya zonse."

"Amayi angakomoke. Pita iwe, ine ndikupeza Lamlungu. Chonde, wokondedwa, pita."

Koma nthawi inali itatha.

*

"Taonani, taonani! Mkaidi wabwera kudzasamba!"

Fabián ankatsika pamchenga, botolo la mowa lili m'manja. Kumbuyo kwake, pamtunda pang'ono, a Anselmo anali ataima pansi pa chisakasa cha kanjedza, manja atapinda pachifuwa. Anali atamutsatira mwana wawo, ndipo pamene anaimapo ankaona zonse bwinobwino.

"Apolisi ndawaimbira kale, Tapia, akubwera," anatero Fabián. "Koma asanafike ndikufuna ndione nkhonya yotchuka ija. Akuti umathyola nsagwada. Nayi yanga." Anadzigogoda pachibwano ndi kukamwa kwa botolo. "Thyola."

"Sindikumenya, Zepeda. Ndipatse njira."

"Njira yako ndi iyo." Analoza kunyanja.

"Fabián, tasiya zauchitsiru!" anakuwa Yaretzi. "Wachita kale zomwe umafuna."

"Khala chete iwe. Tikambirana kunyumba za foloko ija."

Anapapira mowa, n'kuulavulira kumaso kwa Ulises. Mowa unayenderera mpaka m'malaya. Ulises anangotseka maso. Anatulutsa manja m'matumba, koma m'malo mowakweza anawagwirizanitsa kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake.

Nkhonya yoyamba inatera pakamwa. Mlomo unang'ambika, magazi chuchuchu pachibwano. Yachiwiri inalowa m'mimba, Ulises n'kupindika, n'kubwerera m'mbuyo dzandidzandi kutsikira kumchenga wonyowa. Fabián anamutsatira.

"Bwezera, mphongo! Kapena kundende anakufula?"

"Bambo!" anakuwa Yaretzi akuyang'ana kumtunda. "Bambo, muletseni!"

A Anselmo sanasunthe.

Pamenepo Yaretzi anathamanga n'kumudumphira Fabián kumsana. Anagwira unyolo wagolide uja n'kukoka mpaka unaduka, uku akumukala kumaso ndi zikhadabo. Fabián anabangula, anamugwedeza n'kumugwetsa, ndipo mtsikanayo asanadzuke bwino anamuwaza mbama ndi kuseri kwa dzanja. Khutu linalira. Yaretzi anagwa chafufumimba, m'kamwa mutadzaza mchenga ndi magazi.

Atadzutsa mutu anaona chimene ankachiopa. Manja a Ulises anali atamasuka. Lamanzere linali pakhosi pa Fabián, litamunyamula mpaka zala za kuphazi zikungokanda mchenga. Lamanja linali m'mwamba, nkhonya itakulungidwa. Nkhope imeneyo Yaretzi anali asanaionepo.

"Ulises, ayi! N'zimene akufuna! Ulises!"

Nkhonyayo inaima m'mwamba momwemo. Fabián maso anali atatong'oka, lilime kunja, koma pakona pa mlomo ankamwetulira, akudikira. Ulises anayang'ana Yaretzi. Kenako anatambasula zala, Fabián n'kugwera pansi akutsokomola.

"Pita kwanu," anatero Ulises, akutembenuka kuti akadzutse Yaretzi.

Botolo la Fabián linamupeza Ulises pamwamba pa khutu. Linasweka phwaa, magalasi n'kumwazika. Ulises anagwada ndi bondo limodzi.

Kutali kunalira wezulo ya alonda a panyanja, mobwerezabwereza. Onse atatu sanaimve bwino. Yaretzi anangoona kuti madzi omwe ankawanyambita mapazi athawa, abwerera kutali kusiya mchenga uli gwaa. Kenako dzuwa linazima. Anacheuka. Kumbuyo kwawo kunali kutaima khoma la madzi lobiriwira, lalitali kuposa denga la tchalitchi, pamwamba pake patayamba kale kupindika.

*

Anamva chinthu cholemera ngati lole chikumugunda kumsana, ndipo dziko linatha. Kumwamba kunasowa, pansi kunasowa. Madzi anamupinda, kumugubuduza, kumumenyetsa phewa pansi, kumukhula nkhope pamchenga ngati akutsuka poto. Mchenga unalowa m'kamwa, m'mphuno, m'maso. Anafuna kukuwa, mchere n'kumudzaza kukhosi. Mutu utatulukira anangokoka mpweya kamodzi, madzi obwerera n'kumukwatula miyendo kumukokera kwakuya. Anakanda pansi ndi zala, mchenga nawo unkapita naye limodzi.

Dzanja linamugwira tsitsi. Linakoka mopweteka, ngati khungu la kumutu lisupuka. Anali Ulises, atazika maondo mumchenga, akulimbana ndi madzi. Anamugwira m'khwapa n'kuyamba kukwawa naye. Funde lina linawamenya kumbuyo n'kuwaponya kumtunda ngati matumba a zinyalala. Ulises anamukoka mpaka pouma, ndipo Yaretzi anasanza madzi amchere, thupi lonse lili njenjenje.

"Mwana wanga! Mwana wanga!" A Anselmo anafika wefuwefu n'kugwada pambali pake, akumupukuta kumaso ndi malaya awo. Kenako anadzuka n'kuyang'ana uku ndi uku. "Fabián! Ali kuti Fabián?"

Kuseri kwa thovu, kumene mafunde amayambira kudzuka, kunaoneka mutu wakuda ndi mkono umodzi ukugwedera. Unamira, unatulukanso, unamiranso. Alonda a panyanja ankathamanga kubwera, koma anali akadali kutali, ang'onoang'ono ngati nyerere.

Yaretzi anagwira mwendo wa Ulises.

"Musiye," anatero, mawu atasasa. "Apolisi akubwera. Thawa panopa anthu akuyang'ana kunyanja. Musiye afe."

Ananena zimenezo ndi mtima wonse, ndipo sanachite nazo manyazi.

Ulises anayang'ana kumtunda, kumene msewu unali pafupi, wopanda munthu. Anayang'ananso kunyanja. Magazi ankatsika kuchokera kukhutu mpaka pachifuwa.

"Akafa adzati ndamupha ine," anatero. Anavula chikwama ndi nsapato. "Ndiponso ali ndi amayi ake."

"Ulises!"

Mnyamatayo anathamangira m'madzi. Funde loyamba analilowa pansi. Lachiwiri linamunyamula n'kumubweza kumchenga chagada, anthu omwe anali atayamba kusonkhana n'kukuwa. Anadzuka, analavula, analowanso. Kenako anasowa. Amayi ena anayamba kupemphera mokweza. Yaretzi anaima, zikhadabo zake zitalowa pamkono wa bambo ake, ndipo iwo sanamuletse.

Ulises anatulukira pafupi ndi Fabián. Koma womira sadziwa mnzake. Fabián anamukwera pamapewa n'kumupondereza pansi pa madzi. Analimbana pamenepo, mitu ikumira mosinthana, mpaka Ulises anamuzungulira kumbuyo n'kumukoleka mkono pakhosi. Anayamba kusambira chagada akumukoka, pang'onopang'ono, nyanja ikuwabweza, iye osasiya.

Funde lalikulu ndi limene linamaliza nkhaniyo. Linawanyamula onse awiri mpaka pamwamba, anthu n'kuwaona ali lende pakati pa madzi obiriwira, kenako linawamenyetsa pansi. Alonda aja anathamangira m'thovu n'kuwakoka madzi asanabwerere nawo.

Fabián mkono unali utapindika kumene mkono supindikira, nkhope yonse itasupuka. Alondawo anamugoneka cham'mbali, madzi n'kukhutuka m'kamwa, ndipo analira ngati mwana wakhanda. Anali moyo. Ulises anali thapsa chagada, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Yaretzi anagwada n'kumunyamula mutu kuuika pamiyendo yake.

"Chitsiru iwe," ankalira akumupsompsona pamlomo wong'ambikawo. "Chitsiru cha munthu."

Galimoto ya apolisi inali ikubwera pamchenga, nyali zikuphethira.

*

Dzuwa litapendeka, Yaretzi anali atakhala pa benchi m'khonde la chipatala, phewa litamangidwa, mchenga ukadali m'tsitsi. A Remedios anali pambali pake, kolona ili m'manja. Ulises ankasokedwa m'chipinda cha kumapeto, wapolisi ataima pakhomo.

Wapolisi wina, wachikulire, anatuluka m'chipinda cha Fabián n'kuima patsogolo pawo.

"Mnyamata wathyoka mkonoyu akuti Tapia anamukanyanga pakhosi, iye n'kudziteteza ndi botolo. Akuti m'madzi muja Tapia sanapite kukamupulumutsa, anapita kukamumiza. Zala zikuoneka pakhosi."

"Bodza!" Yaretzi anadzuka. "Anayamba ndi Fabián! Anamuitana ndi uthenga wabodza, anamumenya iye manja ali kumbuyo!"

"Uthengawo tauona, mayi. Wachokera pa nambala yanu. Ndipo inu ndi chibwenzi chake. Mawu anu tiwalemba, koma paokha ndi opepuka." Anapukusa mutu. "Anthu a pagombe anafika mochedwa, angoona mkono uli pakhosi. Nkhani yotuluka mu Puebla popanda chilolezo ndi yaing'ono ngati wapulumutsadi munthu. Koma kufuna kupha, kwa munthu wa mbiri ngati yake, adzatuluka imvi zili mbuu. Akuti bambo anu anaona kuyambira pachiyambi."

Onse anatembenukira kwa a Anselmo, omwe anali atatsamira khoma. Mtima wa Yaretzi unatsika pang'ono. Bambo ake anali aukali, koma sanali abodza.

"Mutu ukundizungulira, bwana," anatero a Anselmo. "Ndine munthu wamkulu, lero ndaona zambiri. Ndibwera mawa m'mawa ndidzafotokoze."

Wapolisiyo anavomera n'kuchoka. A Anselmo anagwira mwana wawo pachigongono n'kupita naye pafupi ndi khomo lotulukira, pamene phokoso la nyanja linkamvekabe ngati mabingu akutali.

"Bambo, bwanji simunanene? Munaona zonse."

"Ndinaona zonse."

"Ndiye?"

"Ndinaona akumenyedwa osabwezera. Ndinaona akukutulutsa m'madzi. Ndinaonanso akupita kukatenga mdani wake pamene ine mwendo unakana kusuntha. Mnyamata uja ndi mwamuna, sindikana. Za foni ija sindimazidziwa, ndipo Fabián ndimukalipira. Koma mwamuna ameneyo si wako."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Mawa makolo a Fabián afika. Ukavomera pamaso pawo, ine ndipita kupolisi ndikanene zonse mmene zinachitikira, ndipo Fabián achotsa dandaulo lake. Tapia abwerera kwa mlongo wake. Ukakana, ndikanena kuti ndinaona zimene Fabián wanena."

Yaretzi anawayang'ana kakasi, ngati akuona mlendo atavala nkhope ya bambo ake.

"Munaona Fabián akundimenya. Tsaya ili latupa ndi dzanja lake. Mukundipereka kwa ameneyo?"

"Akadzabwereza ndidzamuthyola mkono wotsalawo. Tsaya limaphwa, mwana wanga. Koma ndinaonanso nkhope ya Tapia pamene anamugwira pakhosi. Lero waletseka. Tsiku lina sadzaletseka, ndipo m'nyumbamo mudzakhala muli iwe."

"Anandipulumutsa, bambo!"

"N'chifukwa chake ndikumupatsa mwayi. Moyo wake uli pakamwa pako."

"Anselmo, opani Mulungu," ananong'ona a Remedios, omwe anali atawatsatira. "Umboni wabodza, sabata ngati ino?"

"Inu khalani chete. Tchimolo ndisenza ndine."

Yaretzi anafuna kuwakala kumaso monga anachitira Fabián. Anafuna kuthamangira kwa wapolisi uja n'kukuwa kuti bambo ake akugulitsa umboni. Koma ndani akanamukhulupirira, mtsikana wolira, pamaso pa mkulu wolemekezeka wa imvi? Anaona Ulises atagwira manja kumbuyo akulandira nkhonya. Anamuonanso akuvula nsapato pamchenga. Munthu woteroyo akakalambire m'chitokosi chifukwa cha iye?

"Lumbirani," anatero Yaretzi. "Lumbirani pa manda a agogo kuti mukanena zonse."

"Ndalumbira. Tsopano nena ndimve, osati m'mphuno."

Yaretzi anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, anaongoka, n'kulankhula mokweza kuti bambo ake asadzanene kuti sanamve.

"Chabwino. Ndavomera. Ndikwatiwa ndi Fabián."

Kumbuyo kwake kunalira unyolo. Anatembenuka.

Ulises anali ataima pafupi pomwepo pakati pa apolisi awiri, mutu utakulungidwa bandeji, manja atamangidwa kutsogolo. Ankamutulutsa kupita naye kugalimoto. Zoyambazo sanazimve. Anangomva mawu omaliza.

"Ulises, dikira, si mmene..."

Zala za a Anselmo zinamufinya chigongono. "Ukangomuuza, pangano latha," ananong'ona.

Yaretzi anatseka pakamwa.

Ulises anamuyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi litatupa, akudikira kuti amalize. Mtsikanayo sanamalize. Ndiye mnyamatayo anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamvetsa chinthu mochedwa.

"Ndiye uthenga uja unalembadi iwe," anatero motsitsa.

Anatembenukira kwa wapolisi wachikulire uja.

"Tiyeni, bwana. Musavutike ndi mboni. Zonse zimene Zepeda wanena, lembani kuti ndavomera."